Funsani Makanika: Kodi ndingasinthe ndekha oyilo pakhomo?

Funso: Ndine mphunzitsi ku Mchinji. Ndili ndi Toyota Corolla ya 1998, injini yake ndi 5A. Kupita ku Lilongwe kukangosinthitsa oyilo kukundidyera ndalama zambiri. Kodi ntchitoyi ndingaigwire ndekha pakhomo? Nanga ndigule oyilo wanji?

Yankho: Aphunzitsi, mungathe ndithu. Injini za 5A ndazigwira kwa zaka zambiri, ndipo sizivuta munthu wodekha.

Gulani malita anayi. Injiniyi imamwa pafupifupi malita atatu mukasinthanso fyuluta, otsalawo muzisunga m'buti kuti muziwonjezera. Popeza galimoto yanu ndi yakale, tengani oyilo wokhuthala, wolembedwa 15W-40 kapena 20W-50 pa chigubu. Oyilo wopyapyala amathawira m'masilo okalamba (malabala otchinga oyilo kuti asatuluke) n'kumapsa ndi utsi. Chigubu chikhale chomata bwino. Oyilo wothiridwa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu musamuyandikire, simudziwa kuti anamusakaniza ndi chiyani. Gulaninso fyuluta yogwirizana ndi injini yanu ndi kawashala katsopano ka pa bawuti ya sampu, chibeseni cha pansi pa injini momwe mumakhala oyilo.

Tsopano mverani ichi, chifukwa n'chimene chimandidetsa nkhawa. Musalowe pansi pa galimoto itakhalira jeke yekha. Mnzanga wina wa pa galaja anathyoka nthiti galimoto itamutsetserekera, ndipo anagona miyezi osagwira ntchito, ana akumuyang'ana. Njerwa nazonso zimaphwanyika mwadzidzidzi. Imikani galimoto pamalo osalala ndi olimba, kokani handibuleki, ikani miyala kumbuyo kwa matayala akumbuyo. Mukaikweza, itsamizeni pa ma stand achitsulo kapena pa zipika zonenepa za mtengo wolimba, kenako muigwedeze ndi manja musanagone pansi pake.

Lizani injini mphindi zisanu zokha, oyilo afunde ndi kusungunuka, koma asatenthe mpaka kukuotchani. Tsegulani chivindikiro chothirira oyilo cha pamwamba pa injini. Pansi, bawuti ya sampu imamasuka ndi sipanala ya 14. Yang'anitsitsani kuti ndi ya injini, chifukwa ena amakhetsa oyilo wa giyabokosi molakwitsa, n'kuthira wina pamwamba pa wakale. Ikani beseni, malizitsani kumasula ndi zala, ndipo musiyeni adonthe kwa kotala la ola.

Podikirapo, muyang'aneni oyiloyo. Kuda si vuto, ndiye ntchito yake. Koma akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa mu injini, mwina gasiketi ya hedi yapsa. Mukaona tizidutswa tonyezimira ta chitsulo, injini ikudzidya. Zikatero pitani nayo kwa makanika musanayendenso ulendo wautali.

Bwezani bawuti ndi washala watsopano uja. Iyambeni ndi zala kuti ilowe molunjika, sipanala ibwere pomaliza, ndipo ikagwira muileke. Ambiri amaponda sipanala ndi phazi, mano a bawuti n'kutha, ntchito ya ola limodzi n'kusanduka yogula sampu.

Fyuluta ili chakutsogolo kwa injini, pafupi ndi ekizosi, choncho samalani dzanja. Ikakana, ikulungeni ndi lamba wakale mukoke. Mukaichotsa, onani ngati kamphete ka labala katuluka nayo. Nthawi zina kamatsalira pa injini, munthu n'kumangirapo fyuluta yatsopano, timphete n'kukhala tiwiri. Pakhomo sipaoneka kanthu, koma mukangofika pa msewu oyilo yense amakhuthuka. Ndalandirapo injini zingapo zofa chifukwa cha kamphete kameneka, ndipo zimandipweteka mtima poti chala chimodzi chikanapulumutsa zonse. Pukutani malowo ndi nsalu yoyera, pakani oyilo watsopano pang'ono pa kamphete ka fyuluta yatsopano, ndipo muimange ndi dzanja basi. Labala akakhudza injini, muipotoze osafika pozungulira kamodzi kathunthu.

Thirani malita atatu osakwana pang'ono, tsekani, lizani injini osaponda mafuta. Kagetsi kofiira ka oyilo kazime m'masekondi ochepa. Kakapanda kuzima, zimitsani injini pomwepo. Suzumirani pansi ngati pakudontha, tsitsani galimoto, dikirani mphindi zisanu, kenako yezani ndi dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri, chakumtunda, koma asapitirire.

Lembani makilomita ndi tsiku m'kabuku. Ndi fumbi la m'misewu ya kwanuko, sinthani pa makilomita 5,000 alionse, kapena pakatha miyezi isanu ndi umodzi ngati simuyenda kwambiri.

Oyilo wakale muthireni m'chigubu china chopanda kanthu, mutseke, muike patali ndi ana. Musamuthire pansi kapena m'ngalande, chifukwa mvula ikagwa amalowa m'nthaka mpaka kuchitsime. Mukadzapita kutauni, kamusiyeni pa galaja imene imasonkhanitsa oyilo wotere.