Tofu wogula anandichititsa manyazi pamaso pa apongozi

Achemwali, pa saladi ya tofu (chakudya chopangidwa ndi mkaka wa soya wogwirana) imene mukufuna kukonza mosawononga chilengedweyi, chonde musakhulupirire wogulitsa aliyense amene akukuuzani kuti tofu wake wangofika kumene. Ine zinandionekera mu Okutobala chaka chatha, kutentha kutafika povuta, pamene ndinaitana apongozi anga kuti adzalawe shiraae, saladi ya ku Japan imene tofu amamufinya madzi n'kumunyenya pamodzi ndi chitowe chokazinga ndi kusinja, kashuga pang'ono ndi miso (phala lamchere la soya wofufumitsa) kapena mchere, kenako n'kusakaniza ndi masamba ndi karoti zofwafwaza. M'malo mwa sipinachi ndinathyola bonongwe kuseri kwa nyumba, chifukwa sindinaone nzeru yogula masamba a mupulasitiki pamene ena akumera okha pakhomo.

Tofuyo ndinagula m'sitolo ina ku Lilongwe, ndipo mwini wake anachita kundilumbirira kuti wabwera m'mawa womwewo. Nditang'amba paketi, apongozi atakhala kale pabalaza, kunatuluka fungo ngati la thobwa logona masiku atatu. Madzi ake anali achikasu ndi oterera ngati therere, ndipo nditamugwira tofuyo anandimata m'zala. Ndinayesa kumutsuka kawiri konse, manja akunjenjemera, koma fungo linali litadzaza kale m'nyumba, moti apongozi anafunsa mwaulemu ali pabalaza pomwepo kuti, "Kodi zakudya za ku Japan zimamveka chonchi?" Ndinawapatsa bonongwe wa chitowe yekha, iwo n'kudya osanena kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kumandiwawa mpaka lero. M'mawa mwake nditabwerera kusitolo, bambo uja anakana kubweza ndalama, akuti furiji yanga ndiyo yoonongeka, chonsecho yake inali itazima ine ndikuona, katundu ali momwemo kudikira wina wopusa ngati ine. Munthu wotere saganizira kuti chakudya chovunda chingathe kugoneka mwana wa mnzake m'chipatala.

Chichokereni tsiku limenelo ndimapanga ndekha, ndi soya wa ku Mchinji wogula pamsika. Soya ameneyu sayenda mtunda wautali, komanso mizu yake imabwezeretsa chonde m'nthaka. Za nkhalango zimene zikudulidwa ku Brazil kuti alimepo soya zisakudetseni nkhawa pa mbale yanuyi, chifukwa soya wambiri padziko lapansi amathera ku chakudya cha ziweto, osati ku tofu. Muviike makapu awiri usiku wonse, mupere ndi madzi, musefe ndi nsalu yoyera, ndipo mkakawo muwiritse bwino kwa mphindi zosachepera 10, chifukwa soya wosapsa amavuta m'mimba. Musachoke pamoto: thovu lake limakwera mwadzidzidzi, ndipo ine ulendo woyamba linasefukira n'kuzimitsa mbaula. Mukaphula, mudikire pang'ono kuti uleke kubwata, kenako muthire madzi a mandimu pang'onopang'ono mpaka ugwirane. Ku Japan amagwiritsa ntchito nigari, wochokera m'madzi a m'nyanja ya mchere, koma mandimu athu amathandiza ndithu, kungoti tofu wake amamveka kowawasa pang'ono. Mukulunge m'nsalu, muikepo chinthu cholemera kwa theka la ola. Zotsalira m'nsalu yosefera, zimene eni ake amati okara, musataye. Ine ndimathira m'zitumbuwa kapena kupatsa nkhuku.

Komabe ndinene zoona, ngati mukuphikira pa makala, makala amene mungathe powiritsa mkakawo akhoza kufafaniza ubwino wonse umene mukufuna kuchitira chilengedwe, pokhapokha mutapanga wambiri nthawi imodzi n'kugawana ndi anzanu. Choncho poti ndi koyamba, ingogulani tofu wolimba uja, amene ku Japan amati momen, koma mutsegule ndi kununkhiza musanatuluke m'sitolo. Wotsala mumusunge m'madzi ozizira mufuriji, muzisintha madziwo tsiku lililonse, ndipo asapitirire masiku atatu.