Chikasu sichingalowe m'malo mwa mapiritsi a bambo anu

Mwandilembera kuti bambo anu akudwala gout, nthenda yotupitsa molumikizana mafupa, ndipo mwaona pa Facebook kuti chikasu chimaletsa maselo kuphulika n'kuyambitsa kutupa. Mukufunsa ngati angasiye mapiritsi awo a colchicine n'kuyamba kumwa ufa wa chikasu.

Mayi, funso lanu landiwawa mumtima chifukwa malume anga anachita zomwezo. Chala chawo chachikulu chakuphazi chinkatupa n'kufiira psuu, moti ngakhale chofunda chikachikhudza usiku ankabuula. Munthu wina anawagulitsa ufa m'botolo lopanda dzina, nawauza kuti mankhwala a kuchipatala ndi poizoni. Anauthira m'phala, anauthira m'tiyi, makapu onse a pakhomo anasanduka achikasu. Nsapato inakana kulowa. Bambo wodzilemekeza uja, wokonda suti, ankapita kutchalitchi phazi limodzi lili m'patapata. Ogulitsa oterewa amandikwiyitsa kwambiri, chifukwa amatola kachidutswa ka choonadi n'kukagulitsa mtengo wa mbuzi.

Kachidutswako kalipodi. Selo likaona zoopsa, nthawi zina limadzipha modzibowola, n'kutaya zamkati zomwe zimaitana chitetezo cha mthupi, malowo n'kutentha, n'kutupa. Asayansi amati pyroptosis. Mu 2006 gulu la Jürg Tschopp ku Lausanne linasonyeza kuti timiyala ta uric acid (zotsalira za m'magazi) tomwe timayambitsa gout timadzutsa puloteni ya m'selo yotchedwa NLRP3, yomwe imayambitsa zonsezi, ndipo mu 2015 asayansi ena anapeza gasdermin D, puloteni yobowola seloyo. Curcumin wa m'chikasu amachepetsadi zimenezi m'labu ndi mwa mbewa. Koma munthu akamwa, wochepa kwambiri ndiye amalowa m'magazi. Wambiri amangodutsa m'matumbo.

Chondipweteka n'chakuti piritsi lomwe bambo anu akufuna kutaya nalonso n'lochokera ku chomera! Colchicine amapezeka mu Colchicum autumnale ya ku Ulaya, komanso mu Gloriosa superba, duwa lofiira ndi lachikasu lomwe ndi duwa la dziko la Zimbabwe, ndipo kwathu kuno limamera m'tchire nthawi ya dzinja. Colchicine amafooketsa njira yomweyi ya NLRP3, ndipo anayesedwa pa anthu masauzande. Mu 2023 FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, inavomereza ka 0.5 mg patsiku kwa ena odwala mtima. Theka la miligalamu, mayi! Ku Sri Lanka anthu afa atadya mizu ya duwa lomweli: kusanza, kutsekula m'mimba, kenako ziwalo kuleka kugwira ntchito. Wina asayerekeze kulikumba.

Ndiye bambo achite chiyani?

Asasiye mapiritsi. Chikasu athire m'ndiwo, koma makapisozi ake amphamvu awononga chiwindi cha anthu ena. Achepetse mowa ndi zamkati za nyama. Apemphe adokotala awayeze impso, chifukwa impso zofooka zimasunga colchicine mthupi, ndipo afunsenso za allopurinol, yemwe amatsitsa uric acid yemweyo.