Achimwene, PRESS ya pagalimoto ija ndi ya atolankhani

Achimwene, mwafunsa za galimoto yomwe munaiona pa Mangochi Boma itamatidwa chipepala cholembedwa PRESS, pomwe inu mumadziwa kuti press ndi kudina batani kapena kusita zovala. Simunalakwitse ayi, gwero lake ndi lomwelo: kukanikiza chinthu.

Cha m'ma 1450, Johannes Gutenberg wa ku Mainz, ku Germany, adakonza makina osindikizira mabuku potengera makina ofinyira mphesa. Zilembo zachitsulo ankazipaka inki, n'kukanikizapo pepala mwamphamvu. Makinawo adatchedwa press. Dzinalo lidayenda pang'onopang'ono, kuchoka pa makina kupita pa nyuzipepala zotuluka m'makinawo, kenako lidafika pa anthu olemba nkhanizo. Lero mtolankhani wa Radio Maria kapena wa Dzimwe, yemwe ntchito yake ndi ya pakamwa ndi maikolofoni, timamuwerengera ku press ngakhale sasindikiza tsamba ndi limodzi lomwe. Choncho galimoto ija inali ya atolankhani, ndipo chipepalacho chimadziwitsa apolisi ndi alonda kuti anthuwa ali pa ntchito yotola nkhani. Press card ndiye chiphaso chawo.

Mukawerenga kuti mkulu wina sadayankhe by press time, akunena kuti nthawi yotumiza nyuzipepala ku makina idakwana iye asanayankhe mafunso. Press conference ndi msonkhano womwe nduna, bungwe kapena timu ya mpira imaitana atolankhani, ndipo iwo amaloledwa kufunsa.

Koma pomwe ndikufuna muike mtima ndi pa press release. Ichi ndi chikalata chomwe bungwe kapena ofesi yalemba yokha, chonena zomwe iwo akufuna kuti anthu amve. Mawu akuti press alipo, koma sadalembe ndi mtolankhani. Kuno kwathu misonkhano ya mabungwe sikata phazi m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, ndipo zikalata zotere zimatuluka mlungu ndi mlungu. Zimandiwawa ndikamva chikalata chikuwerengedwa pa wailesi momwe chidabwerera, ngati kuti wina wafufuza. Tiyerekeze chikalata chikuti asodzi alandira bwino nyengo yotseka nyanja. Mtolankhani weniweni amakwera njinga kupita ku doko la Makawa kapena Malindi, akamve kwa mwini ngalawa, kwa alovi ake ndi kwa mayi wogula usipa, kuti miyezi imeneyo ana adya chiyani. Akachita zimenezo ndiye kuti chikalata chija chasanduka nkhani. Inunso mukalandira chithunzi cha chikalata pa WhatsApp, yambani mwaona kuti wasaina ndani, ndipo akupindula chiyani mukachikhulupirira.

Palinso press freedom, ufulu wa atolankhani. Gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lino, omwe tidayamba kuwatsatira mu 1994, limapatsa atolankhani ufulu wofalitsa nkhani momasuka m'dziko muno ndi kunja komwe. Tsiku lokumbukira ufuluwu ndi 3 May, potsatira mfundo zomwe atolankhani a mu Africa adamanga ku Windhoek mu 1991. Amene tidakula nthawi ya chipani chimodzi, wailesi ili MBC yokha, tikudziwa kulemera kwa mawu amenewa.

Mwafunsanso ngati Press Corporation ndi ya atolankhani. Lero ayi, ndi kampani ya malonda osiyanasiyana. Koma dzinalo silidagwe kumwamba. Idayamba ngati kampani yosindikiza Malawi News, nyuzipepala yomwe Aleke Banda adaiyambitsa mu 1959, ya chipani cha Malawi Congress Party. Pambuyo pake, mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, idalowa m'minda ya fodya, m'masitolo a PTC ndi m'mabanki, dzina la makina osindikizira lija osalisiya.