Alamu, za ulendo wa achimwene wa mu Disembala uja

Alamu, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinagwira ya usiku, ndangodzuka kumene. Uthenga wanu ndauona, ndipo ndati ndiyankhe pakamwa pompano pagulupu kuti akumudzi nawonso amve, chifukwa zina mwa izi zikuwakhudza iwowo.

Mwafunsa ziwiri. Choyamba, ngati achimwene angakwere ndege kuchoka kuno ku UK kupita kumudzi ku Malawi mu Disembala, poti sitiroko ija inawagwira mu Malichi. Chachiwiri, ngati inshuwalansi yapaulendo imene imabwera ndi akaunti yanu yakubanki ikukwanira. Ine mtima wanga ukufuna apite, alamu. Amayi akalamba, ndipo chiyambire kudwala kwa mwana wawo amangomuonera pafoni. Ulendowo ndi wotheka. Koma inshuwalansi yakubankiyo musaikhulupirire musanawaimbire foni, ndipo ndiyambira pamenepo.

Mukukumbukira abambo a kwathu kuno atadwala kasitiroko kakang'ono kaja, kamene madokotala amati TIA? Chaka chotsatira tinakonza zopita kwathu. Ifenso tinali ndi ya kubanki yomweyo, mtima uli m'malo. Kutatsala sabata imodzi ndinaimba kungofuna nambala yoimbira tikakhala kunja. Mayi amene anayankha anandifunsa ngati pali chimene chasintha pa umoyo wathu chitsegulire akauntiyo. Nditafotokoza, anandiuza mosabisa kuti chilichonse chokhudza sitiroko, BP kapena mtima sakanalipira, chifukwa sitinawauze. Thupi lonse linandizizira. Tikananyamuka tili ndi pepala lopanda ntchito m'chikwama. Ndiye chonde, imbani mawa lomwe.

Akakufunsani mafunso, yankhani zonse monga zilili. Adzafuna kudziwa kuti inali sitiroko ya mtundu wanji, ya mtsempha wotsekeka ndi magazi oundana kapena ya mtsempha wophulika m'mutu. Adzafunsa kuti inachitika liti, yachitikapo kangati, akumwa mankhwala anji, ali ndi BP, shuga, mafuta ambiri m'magazi kapena mtima wogunda mosalongosoka, akuyenda okha kapena ndi ndodo. Khalani ndi kalata yotulukira kuchipatala ija pafupi, muziwerenga momwemo, musayankhe za pamtima. Ndikudziwa chiyeso chimene chimabwera mukamva mtengo, chakuti mwina BP ija tingoisiya. Ayi, alamu. Tsiku limene mudzafune kuti alipire, amakapempha mafayilo a achimwene kwa GP, dokotala wawo wa nthawi zonse uja, ndipo chimene munabisa chimakaonekera poyera, n'kukana kulipira ngakhale ndalama munapereka.

China chimene chikundidetsa nkhawa: munanena kuti achimwene akudikirabe zotsatira za kamakina koyeza kugunda kwa mtima kamene anavala kaja. Makampani ambiri safuna kuteteza munthu amene akudikira kuyezedwa kapena zotsatira. Ndiye kakamizani kuti zotsatirazo zituluke matikiti asanagulidwe.

Mtengo udzakwera, musadzadabwe. Yathu inakwera moti ndinakhala kaye pansi. Koma musalekere pa kampani imodzi. Kuno ku UK, kuyambira 2021, kampani ikakukana kapena ikakukwezera kwambiri mtengo chifukwa cha matenda, imayenera kukulozera kumene kuli makampani odziwa za anthu odwala. Mndandanda wawo uli pa MoneyHelper, komanso a BIBA, bungwe la mabroka a inshuwalansi, amathandiza kupeza. Ife tinapeza yathu mwa njira imeneyo.

Mukapeza, werengani zinthu izi ndi maso anu. Ikhale yofika ku Africa, nthawi zambiri amailemba kuti dziko lonse kupatula America, Canada ndi Caribbean. Onani malire a masiku, chifukwa zambiri za chaka chonse zimalola masiku 31 okha pa ulendo umodzi, pomwe inu mukuti masabata asanu ndi limodzi. Nonse awiri mukhale pa inshuwalansi imodzi, kuti achimwene akadwala ulendo n'kulephereka, tikiti yanunso ibwezedwe. Muigule tsiku lomwe mukugula matikiti, osati dzulo lake la ulendo. Ndipo chachikulu kuposa zonse, ikhale yolipira ndege ya ambulansi. Munthu akadwala kwambiri kwathu, kawirikawiri amamuthamangitsira ku Johannesburg, ndipo ndalama zake ngakhale titasonkha banja lonse, wa ku Joni ndi wa kuno, sitingazikwanitse. Kakhadi ka GHIC kaja, kolandirira chithandizo chachipatala paulendo, kasakupusitseni, kamagwira makamaka ku mayiko a ku Ulaya, ku Malawi kulibe ntchito. Ndipo zipatala zolipira kwathu mukudziwa, zimafuna ndalama kapena chitsimikizo cha kampani munthu asanagonekedwe. Nambala ya inshuwalansi yoimba usana ndi usiku ikhale m'foni mwanu, komanso ilembedwe papepala limene wina wakumudzi asunge.

Tsopano za ndege. Nthawi imene madokotala amaletsa kwambiri ndi masabata awiri oyamba munthu atangodwala. Pofika Disembala achimwene adzakhala atatha miyezi isanu ndi inayi, ndiye nthawi si vuto. Komabe mawu omaliza akhale a dokotala wawo, ndipo awalembe. Mukayenda dokotala atakaniza, kawirikawiri inshuwalansi imafa pomwepo. Kalatayo ikhale ndi mayina a mankhwala onse ndi mlingo wake. Funsaninso a kampani ya ndege ngati akufuna fomu yawo yachipatala.

Ulendo wake ndi wautali, alamu, poti palibe ndege yochoka London kukatera ku Lilongwe mwachindunji. Mudzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Kudzera ku Addis ndi maola pafupifupi asanu ndi atatu, kenako kudikira, kenako ena anayi. Kukhala pansi nthawi yaitali choncho kumaunditsa magazi m'miyendo, makamaka mwendo wofooka uja. Asankhireni mpando wa m'mbali mwa kanjira, pafupi ndi chimbudzi. Azidzuka pafupipafupi inu mutawagwira, azigwedeza mapazi, azimwa madzi. Ndikuwadziwa achimwene, adzakana kumwa poopa kuvutitsa anthu popita kuchimbudzi. Musawalole. Mowa m'ndege ayi. Masokosi othina aja musangogula, funsani kaye dokotala, si onse amene amawayenera.

Pemphani thandizo la pabwalo la ndege pasadakhale, maola 48 ulendo usanachitike, koma bwino pogula tikiti pomwe. Ndi laulere. Amabwera ndi chikuku, n'kukudutsitsani pamizere mpaka pakhomo la ndege. Mupemphe pa mabwalo onse, popita ndi pobwera. Achimwene adzati ine ndimayenda ndekha, sindikufuna chikuku. Zoona amayenda, koma kuyenda m'nyumba ndi kuthamangira ndege yachiwiri pa Bole, bwalo la ndege la ku Addis, usanagone usiku wonse ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndipo nthawi zina ndege imaima patali, n'kutsika pa masitepe kukakwera basi. Muwauze a thandizowo ngati masitepe amawavuta. Mankhwala onse m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake, okwanira ulendo wonse ndi masabata awiri apamwamba. Musadalire kuti mukagula kwathu. Kusiyana kwa nthawi mu Disembala ndi maola awiri okha, sikusokoneza kamwedwe.

Malungo, alamu. Apa ndiye ndikugwadireni. Ife amene takhalitsa kuno timadzinamiza kuti tinakulira komweko, udzudzu umatidziwa. Chitetezo chija chimatha munthu ukakhala kunja zaka zingapo, ndipo achimwene akhala kuno zaka zoposa khumi. Disembala ndi dzinja, udzudzu uli ponseponse. Apite ku kiliniki ya apaulendo kukadali mwezi ndi theka, atanyamula mndandanda wa mankhwala awo. Panopa akumwa clopidogrel, woletsa magazi kuundana, koma zotsatira za mtima zija zikachititsa kuti awasinthire ena osungunula magazi, anene. Warfarin makamaka amasokonezeka ndi mankhwala opewera malungo a Malarone komanso doxycycline, magazi amatha kusungunuka mopitirira. Ndipo ena opewera malungo, a mefloquine, sapatsidwa kwa munthu amene anakomokapo ngati wakhunyu. Neti usiku uliwonse, mafuta othamangitsa udzudzu madzulo aliwonse.

Kunena zoona, zikanakhala za ine ndikanati mupite mu Juni kapena Julayi. Kunja kwazizira, udzudzu wachepa, msewu wolowera kumudzi uli wouma. Koma ndikumva kuti tchuthi chanu ndi cha Disembala, ndipo kwa amayi kudikira mpaka Juni n'kutali. Ndangoti muganizirepo.

Tsopano ndilankhule ndi akumudzi, atsibweni ndi achemwali, ndikudziwa mukumvetsera. Achimwene amene akubwerawa si aja ankafika lero, mawa ali ku Dedza, mkuja ku Balaka kukapepesa maliro onse a chaka. Sitiroko imasiya kutopa kumene munthu wosadwalapo sangakumvetse. Amaoneka bwinobwino m'mawa, pofika masana mawu ayamba kusowa, mwendo wayamba kukoka. Masiku atatu oyamba asiyeni apume. Alendo azibwera ochepa, m'mawa, ndipo masana azigona popanda wowadzutsa kuti kwabwera a uje. Akamalankhula n'kukakamira pa liwu, adikireni, musawamalizire. Ndipo chonde musawalirire pamaso ngati mwaona maliro. Zimenezi zinawapweteka kwambiri abambo a kwathu kuno, mpaka anasiya kutuluka m'chipinda.

Ndiwo zikhale za mchere wochepa, zawo muziwapatulira musanathire. Ndikudziwanso kuti chikondi chidzabweretsa mabotolo a zitsamba, wina adzati pali munthu amene amachiza kufa ziwalo. Musawapatse. Zitsamba zina zikakumana ndi mankhwala osungunula magazi zimayambitsa kutaya magazi m'kati. Mapemphero tiwafuna, ndipo tipemphera nawo limodzi, koma aliyense wonena kuti ataye mapilisi poti achira, ameneyo asayandikire pakhomo.

Chimbudzi chonjuta sangathe. Pezani mpando wachimbudzi, kapena kalipentala apange, ndipo pakhale chogwirira. Kubafa kukhale kampando, asasambe ataimirira pa simenti yoterera. Tochi ikhale pafupi ndi bedi, magetsi akazima asapunthwe.

Ndiye pali ichi chimene sitifuna kuchitchula, koma chakudza sichiimba ng'oma. Munthu amene anadwalapo sitiroko ikhoza kumubwereranso. Aliyense pakhomopo adziwe zizindikiro: kukamwa kupotokera mbali imodzi, mkono kulephera kukwera, mawu kumveka ngati munthu waledzera. Mukaona chimodzi chokha, musadikire kuti kuche, musayambe kuwasisita kapena kuwamwetsa phala, ndipo musawapatse aspirin, chifukwa popanda sikani simungadziwe ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika. Kuno mankhwala osungunula chotsekacho kawirikawiri amaperekedwa mkati mwa maola anayi ndi theka. Kuchokera kwathu ku Ntcheu kukafika ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kumene kuli makina a sikani ya mutu, ndi maola awiri ndi theka kapena atatu msewu ukakhala bwino. N'chifukwa chake ndikuti, alamu, malo ogona enieni akhale m'tauni. Kumudzi muzipita masiku awiri kapena atatu, n'kubwerera. Kapenanso amayi abwere adzakhale nanu m'tauni sabata yathunthu, acheze ndi mwana wawo mofatsa popanda chigulu. Masiku amene muli kumudziwo, galimoto igone pakhomo, mafuta ali odzaza, woyendetsa ali pomwepo ndipo sanamwe. Achimwene asagwire chiwongolero m'misewu yathu ija, ngakhale kuno atawalola kale.

Za kunyanja munatchula zija, Senga Bay ndi yabwino poti ili pafupi ndi Lilongwe. Muimbiretu malo ogonawo, mufunse ngati chipinda chili pansi popanda masitepe. Mumchenga ndodo imalowa, ndiye wina aziwagwira, ndipo dzuwa la masana alipewe.

Alamu, inunso mudzisamale, mwanyamula zambiri chaka chino. Loweruka sindikugwira ntchito. Konzani kalata yakuchipatala ija ndi mapaketi onse a mankhwala, ndibwera cha m'ma 10 koloko, tidzakhale pansi tidzaone makampaniwo limodzi. Apatseni moni achimwene, muwauze kuti ndibweretsa ufa uja anaitanitsa.