Kwa mayi a ku Senga Bay amene afunsa za kusatenga pathupi

Mayi, mwati zaka zitatu zatha muli pabanja osaima, zitsamba mwamwa zokwanira, ndiye mukufunsa poyambira. Nthawi yodikira idapita kale. Achipatala amayamba kufufuza pakatha chaka mukukhalira malo amodzi osalera, kapena miyezi 6 ngati mayi wapitirira zaka 35.

Pitani nonse awiri, ndipo ayambe kuyezedwa ndi bambo. Vuto limapezeka kwa amuna kawirikawiri, ndipo mphamvu za kuchipinda si umboni woti mbewu zili bwino. Asanayezetse umuna akhale masiku 2 mpaka 7 osagonana nanu. Umunawo ulowe m'kabotolo ka ku labu, osati m'kondomu, chifukwa mafuta ake amapha mbewu, ndipo uyezedwe pasanathe ola limodzi. Choncho atulutsire komweko kuchipatala. Umuna wonyamulidwa pa minibasi kuchoka ku Salima mpaka ku Lilongwe ufika utawonongeka. Zotsatira zikaipa musataye mtima msanga, abwerezenso pakatha miyezi itatu. Mbewu zimatenga masiku oposa 70 kuti zikhwime, ndipo ngakhale malungo a posachedwa amazichepetsa.

Inuyo muzilemba tsiku loyamba kusamba mwezi uliwonse. Dzira limatuluka masiku pafupifupi 14 msambo wotsatira usanayambe. Yambirani ku chipatala cha boma cha Salima mutanyamula buku lanu la kuchipatala, akupimeni matenda opatsirana pogonana ndi kujambula chiberekero pa sikani. Mukatero pemphani kalata yopitira kwa dokotala wa amayi ku Kamuzu Central Hospital. Kumeneko funsani za HSG, ekisire yoonera ngati machubu odutsamo dzira popita m'chiberekero ali otseguka. Imachitika msambo utangotha, cha pa tsiku la 7 mpaka 10, ndipo imapweteka ngati cham'mimba cha msambo.

Chimene ambiri a kunyanja amaiwala kutchula ndi likodzo. Mazira a tizilombo take amakhazikika pa khomo la chiberekero ndi m'machubu n'kusiya zipsera, ngakhale munthu sakukodza magazi. Kwa amuna magazi amatha kuoneka mu umuna. Ngati mumachapa kapena kusamba m'nyanja, muuzeni dokotala. Mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel amaperekedwa potengera sikelo, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, mutadya kaye. Amapha tizilombo, koma chipsera chakale sachichotsa, n'chifukwa chake kuzengereza kumawononga. Chinzonono chosachizidwa bwino chimatsekanso machubu, ndipo mankhwala ake muyenera kumwa nonse awiri.

Clomiphene musagule mwa inu nokha. Amangothandiza amene dzira silikutuluka, amamwa masiku 5 kumayambiriro kwa msambo, ndipo sapitirira miyezi 6. Machubu akakhala otsekeka, ndalama zangopita. Bambonso apewe jakisoni wa testosterone (homoni ya chimuna), amaletsa thupi kupanga mbewu.

Machubu onse awiri akatsekeka kapena mbewu zikachepa kwambiri, ndi pamene pamabwera IVF: dzira ndi mbewu amazikumanitsa mu labu, kenaka n'kuika m'chiberekero. Ndi yodula, ena amakachitira ku South Africa kapena ku India, ndipo kaŵirikaŵiri sigwira ulendo woyamba. Musagulitse munda kapena bwato musanagwire m'manja zotsatira za umuna ndi za HSG.