Funsani Malume: Kodi nthano yeniyeni ya Kaphirintiwa ndi iti?

FUNSO: Malume, ine ndimaphunzitsa Chichewa pa sekondale ina kuno ku Nkhotakota ndipo sabata yatha ana anandipanikiza. Timakamba za Kaphirintiwa, wina akuti agogo ake amati Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, wina akuti kwawo za kangaudezo sanazimvepo, wachitatu nde akuti zonsezi makolo anangokopera kwa Adamu ndi Hava. Kenako anafunsanso za mkuyu wa Livingstone, poti ena amaloza uwu ena uwo. Yeniyeni ndi iti, nanga ndikawauze chani? Mphunzitsi, Linga.

YANKHO: Aphunzitsi, ana anuwo musawaletse, afunsa zanzeru kwambiri. Tiyambe ndi mmene ambiri amaifotokozera. Dziko linali gwa, louma, kenako kunagwa chimvula ndipo Chauta anatsika limodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama, anthuwo atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, nkutera pa thanthwe la Kaphirintiwa ku mapiri a Dzalanyama, thanthwelo likadali lofewa moti mapazi awo anadindika pomwepo. Onse ankakhala pamodzi mwamtendere mpaka tsiku lomwe munthu anapeka moto, tchire nkuyaka, nyama nkuthawa zitakwiya, galu ndi mbuzi nkuthawira kwa munthu, bilimankhwe nkukwera mumtengo, Chauta nkukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude.

Koma dziwani kuti nkhaniyi inakhala zaka zambirimbiri ili pakamwa pokha, palibe anaikhomera pa pepala. Gogo akati "padangokhala" adzukulu nkuvomera "tili tonse", amayang'ana amene ali pamotopo, ngati ali ana osamva amatalikitsa pa moto wolusa paja, ngati mvula yachedwa amatsindika za mvula, china amachidumpha poti tulo tawagwira ana. Nde mwana amene kwawo kangaude kulibe sakunama ayi, wamva mmene inafikira m'mudzi mwawo. Buku likabwera limangogwira kafotokozedwe ka munthu mmodzi wa tsiku limodzi, kenako poti zasindikizidwa ndipo zikubwera pa mayeso timayamba kuona ngati agogo ndi amene akulakwitsa. Apa mpamene ine pamandiwawa, chifukwa mwana amabwerera kumudzi kukakonza gogo wake ndi buku lomwe linachokera kwa gogo wina.

Za Adamu ndi Hava ine sindikuvomereza kuti ndi kukopera. Mu Genesis mulibe mtondo, mulibe kupeka moto, ndipo chomwe chikulekanitsa munthu ndi Chauta pa Kaphirintiwa ndi moto wa tchire, chinthu chomwe mlimi ndi mlenje aliyense wa kuno amachiona chaka ndi chaka. Komabe mwanayo wagunda penapake, chifukwa nthano zathu zinakumanadi ndi Baibulo ndipo zina zinatengako. Onani za Mbona, wovina mvula uja amene kachisi wake ali ku Khulubvi ku Nsanje. Matthew Schoffeleers, wansembe wa Katolika wochokera ku Netherlands amene anafufuza za Mbona zaka zambiri nkutulutsa buku mu 1992, anasonkhanitsa mafotokozedwe angapo osiyana, ena akutsindika za mkangano wa kuvina mvula ndi malume ake Mlauli, ena akulowetsamo za mafumu ndi ulamuliro, ndipo ena amati mayi ake anatenga pakati osadziwa mwamuna mpaka anthu kumamutcha Yesu wakuda. Nkhani imodzi yomweyo koma aliyense akuikokera ku zomwe zikumuvuta pa nthawi yake. Olemba nawo anapitiriza, Steve Chimombo analemba sewero la Mbona m'ma 1970 komanso ndakatulo za Napolo, ndipo mwa iye Napolo sanalinso chinjoka cha pansi pa phiri chokha chomwe anthu amati chinagumula Zomba mu 1946, anasanduka njira yonenera za mphamvu zoononga pa nthawi yomwe kulankhula poyera kunali koopsa. Ku dambwe nakonso ndi chimodzimodzi, Gule Wamkulu ali ndi Maliya ndi Simoni, zilombo zomwe zinabadwa amishoni atafika.

Tsono mkuyu uja. Apa nde muli ndi mwayi chifukwa nthano ikupangidwa pakhomo panu penipeni. Zoona zake nzakuti Livingstone anafika ku Nkhotakota m'ma 1860, ndipo anakumana ndi Jumbe, mtsogoleri wa amalonda a Chiswahili, amene ankatumiza akapolo kutsidya kwa nyanja pa ulendo wa ku Kilwa, ku gombe la Tanzania. Koma mmene ena amafotokozera kwa alendo zimamveka ngati anakhala pansi pa mtengo, kukambirana, ukapolo nkutha tsiku lomwelo. Sizinatero. Livingstone anamwalira mu 1873 malondawo akuchitikabe, Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anadzapangana ndi Jumbe wina mu 1889, ndipo malondawo anadzatha m'ma 1890. Zaka pafupifupi 30 zimenezo, za anthu omwe anapitirira kumangidwa magoli nkuwolotsedwa nyanja, zimasowa tikaifupikitsa nkhani kuti ikwane pansi pa mtengo umodzi, ndipo anthu amenewo ndi makolo a ana omwe mukuwaphunzitsawo. Kuti mtengo wake ndi uwu kapena uwo zisakudyereni nthawi.

Chomwe ndingapange ine nditakhala inu: apatseni ntchito ya kunyumba, aliyense akafunse wamkulu wa kwawo, alembe ndendende mmene wanenera, dzina la mudzi ndi amene anamuuza iyeyo. Mukabwera nazo m'kalasi muziike pambali pa ya m'buku muone chomwe chikupezeka monsemo ndi chomwe chikusintha, kenako afunseni kuti wosinthayo amafuna chani. Pa mayeso alembe za m'buku, palibe vuto, koma makope awowo muwasunge bwino pa sukulupo.

FUNSO: Malume, ine ndimagulitsa usipa ku Senga Bay. Pa gulu lathu la WhatsApp nthawi ndi nthawi pamabwera ma voice note a anamapopa, eti afika dera lakuti. Mayi anga akuti izi zinaliko kalekale nde ndi zoona. Ndikhulupirire? Mayi wa ku Salima.

YANKHO: Mayi, amayi anu akunena zoona pa mbali imodzi, nkhaniyi njakale. Nthawi ya atsamunda inkamveka m'maiko angapo, ku Zambia ankati banyama, ku Tanzania ndi Kenya mumiani, ndipo kawirikawiri ankaloza anthu ogwira ntchito za boma kapena zachipatala. Kuno kwathu inamveka pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe mu Blantyre chakumapeto kwa m'ma 1960, pomwe kunali mphekesera yoti magazi akupita ku South Africa, inabweranso mu 2002, nkudzabweranso mu 2017 ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera oyandikira. Muone kuti imakonda kutuluka pamene anthu ali pa njala kapena pa mantha ndipo sakukhulupirira akuluakulu, ndipo ulendo uliwonse imavala zatsopano, kale inkayenda pakamwa pa chitsime pano ikuyenda pa foni.

Koma kukhalitsa kwa nkhani si umboni. Mu 2017 sanapezeke munthu ndi mmodzi yemwe wotsimikizika kuti wapopedwa magazi, pomwe anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu pongowaganizira, ena anali alendo ongodutsa, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ndi mabungwe anasiya kaye kufika m'midzi ina, odwala nkumavutika. Inu ntchito yanu ndi yokumana ndi anthu achilendo tsiku lililonse, ogula ochokera ku Lilongwe, madalaivala, anyamata obwera kudzafuna ganyu ku nyanja, ndipo nanunso mukapita kukagulitsa kwina mumakhala mlendo. Voice note ikafika musaitumize kwa wina, funsani wotumizayo kuti waona yekha kapena wangomva, ndipo ngati pali munthu amene akukayikiridwa kanenedwe kwa amfumu kapena ku polisi anthu asanasonkhane.