Khoti likalamula chithandizo cha mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, amalipira ndani?

Mayi ena amene akugwira ntchito ku England atilembera imelo. Mwana wawo wamwamuna wavomera mlandu woba m'shopu ndipo akudikira chigamulo. Amasuta heroin, mowanso sadumphitsa tsiku. Loya wanena kuti mwina khoti lilamula chithandizo m'malo momutsekera. Akufunsa kuti: "Ndalama zake ndizitenga kuti? Ndikongole kuti ndikamugoneke ku rehab yolipira woweruza asanagamule?"

Mayi, musathamangire katapila. Chithandizo cholamulidwa ndi khoti simulipira ndinu.

Ku England woweruza akhoza kupereka chilango chogwirira kunja kwa ndende, n'kuikamo lamulo lakuti wolakwayo azilandira chithandizo. La mankhwala ozunguza bongo ndi Drug Rehabilitation Requirement, mwachidule DRR, pamene la mowa ndi Alcohol Treatment Requirement, ATR. Onsewa anabwera ndi Criminal Justice Act ya 2003, ndipo pano ali mu Sentencing Act ya 2020. Ku Scotland kachitidwe kake n'kosiyana.

Koma khoti lilibe thumba la ndalama zochizira anthu. Kuyambira mu Epulo 2013 ntchitoyi ili m'manja mwa makhonsolo, amene amalandira ndalama kuchokera ku unduna wa zaumoyo n'kupereka kontirakiti ku mabungwe monga Change Grow Live kapena Turning Point. N'chifukwa chake mumzinda wina munthu amaonedwa msanga pamene kwina amadikira. Zimatengera thumba la khonsolo yanuyo.

Apa ndiye pagona nkhani. Woweruza sangalamule DRR kapena ATR pokhapokha atakhutira kuti mwanayo alidi ndi vutoli, kuti malo omuthandizira alipo kapena angakonzedwe, ndiponso kuti mwini wakeyo wavomera. Zonsezi amaziona mu lipoti limene ofesala wa probation (woyang'anira olakwa amene akugwira chilango kunja kwa ndende) amalemba chigamulo chisanaperekedwe. Zimene zimasokoneza n'zazing'ono. Mnyamata amachita manyazi n'kuuza ofesala kuti "ndimangomwa pa weekend basi", kapena amajomba tsiku lokamuunika. Lipoti limafika kukhoti lisakunenapo chilichonse za chithandizo, ndiye woweruza amagamula faindi kapena ndende ya miyezi yochepa. Choncho mawa lomwe mupite naye ku bungwe la m'dera lanu akalembetse yekha. Kalata ya dokotala siifunika. Mupemphe kakalata kosonyeza kuti wayamba, mukapereke kwa loya, ndipo mumulimbitse mtima kuti kwa ofesala akanene chilungamo: amasuta kangati, amamwa mabotolo angati, m'mawa manja amanjenjemera kapena ayi.

Za rehab yogonera komweko, khonsolo imalipirira anthu ochepa, makamaka amene aonetsa kale kuti sajomba. Yolipira nokha imadya mapaundi masauzande ambiri, komanso siimanga manja a woweruza. Zimene zingatuluke m'thumba mwanu ndi thiransipoti, £9.90 ya prescription ya mankhwala ngati sali m'gulu lolandira ulere, ndi ndalama ya victim surcharge imene khoti limalipiritsa wolakwa. Ameneyo ndi mlandu wake, si mtengo wa chithandizo.

Akapatsidwa DRR aziyezedwa mkodzo kapena malovu, ndipo kawirikawiri amamuyambitsa mankhwala olowa m'malo mwa heroin, methadone kapena buprenorphine, kuti chibaba chichepe. Kupezeka ndi heroin m'thupi kamodzi sikumupititsa kundende. Choopsa ndi kujomba popanda chifukwa chomveka, poti probation imamubweza kukhoti. Pa mowa chenjerani: munthu wozolowera kumwa tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi, akhoza kugwa ngati wa khunyu. Achipatala amamusiyitsa pang'onopang'ono ndi mapiritsi a chlordiazepoxide kwa sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, pamodzi ndi vitamini ya thiamine. Ndiye chifukwa chake kachipangizo kapamwendo koyeza mowa, kamene khoti limatha kumuveka munthu amene lamuletsa kumwa mpaka masiku 120, sikayenera munthu amene thupi lake likudalira mowa.

Nanga akamutsekera? Thumba limasintha, chifukwa m'ndende amalipira ndi a NHS, bungwe la boma la zaumoyo. Akangotuluka pageti, udindo umabwerera ku khonsolo, ndipo ambiri amatayikira pakatipa. Lipoti la 2021 la Dame Carol Black, amene boma linamutuma kuunika nkhani za mankhwala ozunguza bongo, linaonetsa kuti mwa atatu aliwonse otuluka akufunikabe chithandizo, mmodzi yekha ndi amene ankachipitiriza pasanathe masabata atatu. Mu Disembala chaka chomwecho boma linalonjeza £780 miliyoni yoonjezera kwa zaka zitatu, koma ndalama yokha siimulondolera munthu kukiliniki.

Masabata awiri oyamba atatuluka ndiwo amapha, chifukwa thupi limakhala litaiwala mlingo wakale ndipo kachidutswa kamene ankasuta kale kakhoza kumuimitsa kupuma. Asanatuluke, mufunse ofesala wa probation tsiku, nthawi ndi malo kumene akaonedwe, komanso ngati dokotala wa kundende watumiza mlingo wa methadone ku bungwe lakunja. Mupemphe naloxone, mankhwala odzutsa munthu amene wapyola muyezo wa heroin. Mabungwewa amapereka mwaulere ngakhale kwa achibale, ndipo amaphunzitsa kagwiritsidwe ntchito kake. Tsiku lotuluka likagwera Lachisanu, dziwani kuti lamulo la 2023 limalola kumutulutsa mpaka masiku awiri a ntchito m'mbuyo. Mufunse ofesala wa probation za zimenezi msanga, asakapeze maofesi atatseka mpaka Lolemba.